Popita Kukaseŵera pa Chipale Chofeŵa, Mwana Wamng'ono Ndiye Mwini Ulendo

Amayi, kuzizira kumene ambiri a ife timakudziŵa ndi kwa miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chiperoni chiphimba mapiri ndipo ana adzuka m'maŵa milomo itang'ambika. Amene anagonapo ku Nyika m'nyengo imeneyi anaona udzu utayera mbuu ndi chisanu m'bandakucha, dzuŵa likangotuluka n'kusungunuka. Koma chipale chofeŵa, chija chimagwa kuchokera kumwamba ngati thonje n'kuunjikana mpaka m'maondo, ife sitinakule nacho. Timachionera pa zithunzi zimene abale athu okhala ku Ulaya kapena ku South Africa amatumiza pa foni: kamwana katakutidwa ndi zovala ngati kamtolo, kataima pa timatabwa tiŵiri, kumbuyo kwake phiri loyera.

Maseŵera amenewo ndiwo amatchedwa ski. Munthu amavala nsapato zolimba zofika pa msongolo, nsapatozo amazimangirira ku timatabwa titalititali, ndipo amatsetsereka kuchokera pamwamba pa mtsetse kufikira pansi. Mabanja ena a kwathu okhala kunja amasunga ndalama kuti patchuthi apite ndi ana awo kumapiri otereŵa. Wokonza ulendo kaŵirikaŵiri amakhala mayi, ndipo nthaŵi zina agogo amaitanidwa kuchokera kumudzi kuti akathandize kulera. Kaya ndinu mayi wokonza ulendoyo, kaya ndinu agogo oitanidwawo, kaya mwangomva kuti adzukulu anu akupita kumeneko ndipo mtima wanu uli m'mwamba, pali zinthu zimene muyenera kuzidziŵa.

Chachikulu mwa zonse ndi chakuti ulendo wotere mwini wake ndi mwana wamng'ono kuposa onse. Abambo a kunyumba angakhumbe phiri lalitali lotchuka, ana okulirapo angakhumbe mitsetse ya liŵiro, koma phiri, mwezi, nyumba yogona ndi maola oseŵera, zonsezi ziyenera kuyezedwa pa thupi la kamwana ka zaka zitatu kaja. Iko kakazizidwa kapena kudwala, tchuthi cha banja lonse chathera pomwepo, ndipo ndalama zimene munasunga chaka chathunthu zaloŵa m'madzi.

Phiri lalitali si ndilo labwino

Malo otchuka kwambiri a maseŵera ameneŵa ndi mapiri a Alps, amene anayala m'maiko a France, Switzerland, Italy, Austria ndi ena oyandikana nawo. Ku Chamonix, m'dziko la France, ndiko kunachitikira mpikisano woyamba wa Olimpiki wa nyengo yozizira mu 1924. Otsatsa malonda amatamanda midzi yokhala pamwamba zedi, chifukwa kumeneko chipale sichisungunuka msanga. Mudzi wa Val Thorens, mwachitsanzo, uli pa msinkhu wa mamita 2,300 kuchokera pa nyanja yamchere. Kwa akuluakulu odziŵa kale kutsetsereka, amenewo ndi malo okoma. Koma kwa mayi wa ana aang'ono, ine ndikuona kuti mudzi wotsika ndiwo woyenera, monga Morzine kapena Les Gets. Midzi iŵiriyi ili pakati pa mamita 1,000 ndi 1,200, msinkhu wosasiyana kwenikweni ndi wa Lilongwe kapena Blantyre. Ili ndi nkhalango zotchinga mphepo, ndipo kuchokera ku bwalo la ndege la Geneva ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi ndi theka pa galimoto. Musaipeputse mfundo yomalizayi. Misewu ya kumapiri ndi yokhotakhota, ndipo mwana amene watopa kale ndi ndege sachedwa kusanza. Ku Austria nakonso kuli midzi yodziŵika ndi kulandira bwino mabanja, monga Serfaus, kumene kuyambira mu 1985 alendo amasiya magalimoto kumayambiriro kwa mudzi n'kuyenda pa kasitima ka pansi pa nthaka.

Chifukwa chokondera malo otsika n'chosavuta kumva. Pa mamita 1,000 alionse amene mukwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka, ndipo mpweya umanka nupepuka, kotero kuti pa kupuma kulikonse thupi limalandira okosijeni wochepa. Kupitirira mamita 2,500, anthu ena amene akwera mofulumira amamva mutu, nseru ndi kusoŵa tulo. Wamkulu amanena kuti mutu ukundiŵaŵa. Mwana wa zaka ziŵiri sanena. Amangolira kosatonthozeka, kukana chakudya, kusanza, kapena kungokhala ndwii osaseŵera, ndipo mayi angaganize kuti ndi matukutuku a ulendo. Mankhwala ake enieni ndi kutsika naye pansi, ndipo akapanda kusintha, kuthamangira naye kuchipatala.

Zimenezi zikukhudza makamaka inu a ku South Africa, pakuti malo a ski amene muli nawo pafupi ndi Afriski, m'mapiri a Maluti m'dziko la Lesotho, ndipo ali pa mamita opitirira pang'ono 3,000. Kunena kwina, mudzagona ndi ana anu pa msinkhu wa nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, imene ili pa mamita 3,002. Kuchokera ku Johannesburg ndi ulendo wa maola pafupifupi asanu, kudzera pa chipata cha Caledonspoort ndi tauni ya Butha-Buthe, kenaka kukwera msewu wotsetsereka wa Moteng umene umaterera chisanu chikagwa. Okhala ku Johannesburg matupi awo anazoloŵerako, popeza mzindawo uli pa mamita oposa 1,700. Koma banja lochokera ku Durban kapena ku Cape Town, kumene ndi m'mphepete mwa nyanja, lichita bwino kugona usiku umodzi kapena uŵiri ku Clarens kapena ku Fouriesburg lisanakwere. Nyengo ya ski kumeneko ndi Juni mpaka Ogasiti. Mtsetse wake waukulu ndi wa pafupifupi kilomita imodzi, ndipo chipale chake chambiri ndi chopangidwa ndi makina usiku kukazizira, choncho musanalipire kalikonse yambani mwafunsa ngati mitsetse ili yotsegula m'masiku amene mukufuna.

Pali nkhani ina imene otsatsa malonda a maulendo saitchula, koma ife sitingaidumphe. Matenda a magazi otchedwa sickle cell amapezeka m'mabanja ambiri a kuno ku Africa. Kuzizira, kuchepa kwa madzi m'thupi ndi kuchepa kwa okosijeni ndizo zinthu zimene zimadzutsa matendaŵa, ndipo pa phiri la chipale zonse zitatu zimakumana pamodzi. Maselo ofiira a magazi amapindika n'kutseka timitsempha, mwana n'kumva ululu woopsa m'mafupa, m'mimba kapena m'chifuŵa. Ngakhale munthu amene anangotengera mbali imodzi ya matendaŵa kwa kholo limodzi, amene masiku onse sadwala, kapamba wake akhoza kuvutika pa malo okwera kwambiri. Ngati m'banja mwanu kapena kuchimuna muli mbiri ya matendaŵa, kayezetseni ana ndipo kambiranani ndi dokotala musanasankhe phiri. Chitani chimodzimodzi ngati mwana ali ndi mphumu kapena vuto la mtima.

Inu a ku Britain muli ndi mwayi wina. Ku Scotland kuli malo a ski monga Cairngorm, Glenshee ndi The Lecht, ngakhale kuti chipale chake n'chosadalirika ndipo mphepo imaomba mwamphamvu. Ku Hemel Hempstead, ku Milton Keynes ndi ku Manchester kuli nyumba zikuluzikulu zokhala ndi chipale chopangidwa ndi makina chaka chonse. Ola limodzi m'nyumba yotere lidzakuuzani ngati mwana wanu wakonzeka, musanagule matikiti a ndege a banja lonse.

Mwezi ndi nyumba

Ku Alps nyengo imayamba mu Disembala n'kutha mu Epulo. Sabata ya Khirisimasi ndi ya Chaka Chatsopano, ndiponso mwezi wa Febuluwale pamene sukulu za ku France ndi ku Britain zili patchuthi, ndizo nthaŵi zodula ndi zodzaza anthu. Januwale ndi wotchipirapo koma ndi wozizira koopsa ndipo kumada msanga. Ngati ana anu sanayambe sukulu, palibe chokukakamizani kupita pamodzi ndi chikhamu: sankhani Malichi, pamene masiku atalika ndipo dzuŵa layamba kufunda.

Nyumba zambiri amabwereketsa kuyambira Loŵeruka kufikira Loŵeruka linzake. Posankha, musakopeke ndi zithunzi za chipinda chochezera. Funsani mtunda wochokera pakhomo kufika pamene ana amasonkhana ndi aphunzitsi awo. Mamita 500 pa mapu amaoneka ngati pakhonde pomwepa, koma mwana atavala nsapato za ski amayenda ngati nkhuku yomangidwa miyendo, ndipo inu mudzakhala mutanyamula timatabwa take, chikwama, mwinanso mng'ono wake. Nyumba yaing'ono yoyandikira sukulu iposa yaikulu yofuna basi. Funsaninso ngati muli malo oumitsira zovala ndi nsapato, chifukwa madzulo alionse zonse zidzabwera zonyoŵa.

Asiyireni aphunzitsi

Abambo ambiri amene anaphunzirako pang'ono amafuna kuphunzitsa okha ana awo. Akanizeni mwaulemu. Mwana amanyinyirika kwa kholo lake kuposa kwa mlendo, ndipo kholo losadziŵa bwino limaika mwana pakati pa miyendo yake n'kutsetsereka naye, aŵiri onse n'kugwera pamodzi, wamkulu pamwamba.

M'dziko la France sukulu yaikulu ya maseŵeraŵa ndi École du Ski Français, imene inakhazikitsidwa mu 1945, ndipo aphunzitsi ake mudzawadziŵa ndi zovala zofiira. Amalandira ana kuyambira zaka 3 m'kagulu kotchedwa Piou-Piou. Anawo amaphunzirira m'bwalo lotchingidwa ndi mpanda, pamalo pongopendekeka pang'ono, ndipo pokwera amaima pa lamba woyenda yekha amene amawafikitsa pamwamba. Chinthu choyamba chimene amaphunzira si liŵiro ayi, koma kuima: kusendeza nsonga za timatabwa pamodzi kutsogolo n'kutangadza kumbuyo. Kumapeto kwa sabata amalandira kamendulo, ndipo akamakula amakwera magawo otchedwa Ourson, Flocon, kenaka a nyenyezi. Malo amatha msanga m'miyezi ya tchuthi, choncho lembetsani dzina la mwana nthaŵi yomweyo imene mukulipira nyumba, ndipo nenani kuti mukufuna mphunzitsi woyankhula Chingerezi. Sukulu zambiri zimafuna mwana amene anasiya mateŵera.

Kwa mwana wa zaka zitatu kapena zinayi, maola aŵiri m'maŵa ndi okwanira. Musamulembetse tsiku lonse poganiza kuti aphunzire zambiri pa ndalama zanu. Masana adye chakudya chotentha, agone, ndipo madzulo angoseŵera ndi chipale pafupi ndi nyumba. Tsiku loyamba akhoza kulira pomusiya. Mutsanzikeni mwachidule, muuzeni nthaŵi imene mudzabwere, ndipo chokani pamene angakuoneni, pakuti mwana akamaona amake pampanda kulira sikutha. M'thumba la jekete lake muikemo kapepala kolembapo dzina lake ndi nambala ya foni yanu, ndi kabisiketi. Pofika tsiku lachitatu kapena lachinayi miyendo imakhala itatopa ndipo kugwa kumachuluka. Akakana kupita tsiku limenelo, musiyeni apume.

Wosakwana zaka zitatu alibe nawo gawo maseŵeraŵa. Midzi yambiri ili ndi nyumba zolerera makanda, nazonso zofunika kulembetsa kukadali nthaŵi.

Kuzizira ndi dzuŵa

Mwana amazizidwa msanga kuposa wamkulu, chifukwa thupi lake laling'ono limataya kutentha mofulumira, ndipo akatengeka ndi maseŵera sanena kuti ndazizidwa. Chizoloŵezi chathu ndi kumuunjikira majuzi ochindikala. Kumeneko nzeru yake ndi ina. Muvekeni zovala zitatu zosanjikiza. Chamkati chikhale chothina bwino, cha ubweya wa nkhosa kapena cha nsalu yosasunga thukuta. Chapakati chikhale juzi yofunda. Chakunja chikhale jekete ndi buluku zosaloŵa madzi kapena mphepo. Peŵani malaya amkati a thonje, pakuti thonje limamwa thukuta n'kukhala lonyoŵa, ndipo mwana akangoima pamzere chinyezicho chimamuziziritsa pakhungu penipeni. Masokosi akhale aatali, peyala imodzi yokha. Kuphatikiza masokosi aŵiri kumathinitsa nsapato, magazi n'kulephera kuyenda bwino, zala n'kuzizira koposa. Magolovesi osagaŵa zala ndi ofunda kuposa ogaŵa zala, ndipo tengani mapeyala aŵiri kwa mwana aliyense, chifukwa ina idzanyoŵa kapena kutayika tsiku loyamba lomwe.

Timatabwa, nsapato ndi helemeti musagule. Amabwereketsa konko, ndipo mwana chaka chamaŵa adzakhala atakula. Pomuyesa nsapato, onetsetsani kuti zala zikugwedezeka koma chidendene sichikunyamuka. Zovala bwerekani kwa anzanu kapena gulani zogwiritsidwa kale ntchito. Ndipo apa agogo ochokera kumudzi akhoza kuthandiza kwambiri, pakuti majekete a ana ochindikala aja timawadutsa pa kaunjika ponena kuti ngotentha, ambiri mwa iwo anasokedwera nyengo yotereyi.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene ife timachita mosaganizira n'komwe, ndicho kubereka mwana kumbuyo. Pa chipale muchite nacho mosamala. Inu mukamayenda mumafundidwa, koma khanda lili kumsanako silikugwedezeka, miyendo yake ili lende pamphepo, nsalu itaithina. Likhoza kuzizidwa koopsa inu osadziŵa, mukuganiza kuti lagona. Ndiponso pansi pamakhala poterera, ndipo mukagwa chagada mugwera mwana. Ngati mutuluka nalo, likhale kutsogolo, mkati mwa jekete lanu, nkhope ili poyera kuti lipume bwino, ndipo ulendo ukhale waufupi. Wina aliyense asayerekeze kutsetsereka pa ski atabereka khanda.

Muziyang'ana zala, makutu, mphuno ndi masaya a ana kaŵirikaŵiri. Khungu loyamba kuuma ndi chisanu limachita dzanzi, limalimba, ndipo limatuŵa. Pa khungu lathu lakudali kusintha kwa mtundu sikuoneka msanga, choncho gwirani ndi dzanja ndipo mufunseni mwana ngati akumva. Mukapeza zotero loŵani naye m'nyumba, mum'vule zonyoŵa, ndipo muviike malowo m'madzi ofunda a madigiri 37 mpaka 39, ofanana ndi osambitsira khanda. Musatikite, ndipo musamuyandikize ku moto kapena ku chitsulo chotenthetsa m'nyumba, chifukwa khungu ladzanzi limapsa mwini wake osamva. Mwana amene akunjenjemera kosalekeza, kuyankhula mosokonekera kapena kuodzera mwachilendo, thupi lonse lazizira, ndipo ameneyo ndi wa kuchipatala. Ku Ulaya nambala yoitanira thandizo mwadzidzidzi ndi 112.

Chodabwitsa n'chakuti mdani wachiŵiri pa malo ozizira chotere ndi dzuŵa. Cheza cha dzuŵa chotentha khungu chimaonjezeka ndi magawo 10 kapena kuposerapo pa 100 alionse mukakwera mamita 1,000, ndipo chipale chongogwa kumene chimabweza mpaka magawo 80 pa 100 alionse a chezacho, kotero kuti mwana amaombedwa kuchokera kumwamba ndi pansi pomwe. Ena amati ife akuda dzuŵa silitiopsa. Khungu lakuda limatetezako ndithu, ngakhale nalonso limapsa, koma maso alibe chitetezo chotero. Mwana amene waseŵera tsiku lonse popanda magalasi akhoza kudzuka usiku akulira, maso ali psuu, akutuluka misozi ngati mwaloŵa mchenga. Mugulireni magalasi enieni otchinga cheza cha dzuŵa, omangira kumutu, ndipo azivala ngakhale kuli mitambo. Vaseline amathandiza milomo ndi masaya kuti zisang'ambike, koma satchinga dzuŵa. Pamafunika mafuta ake oteteza khungu, odzola m'maŵa ndi kubwerezanso masana. Mpweya wa kumapiri ndi wouma, ndipo pozizira mwana samva ludzu, choncho muzimupatsa madzi asanapemphe.

Mutu wa mwana, ndi mapepala

Helemeti si yokambirana. Dziko la Italy mu 2022 linakhazikitsa lamulo lakuti aliyense wosakwana zaka 18 azivala, ndipo zigawo zambiri za Austria zili ndi lamulo lofanana nalo la ana. Ngakhale kumene kulibe lamulo, mwana wanu avale, ndipo inu ndi abambo muvalenso kuti asaone ngati chilango. Mu Malichi 2009, Natasha Richardson, katswiri wa zisudzo wa ku Britain, anagwa pa mtsetse wa ongophunzira kumene ku Mont Tremblant m'dziko la Canada, alibe helemeti. Anadzuka akuyankhula bwinobwino ndipo poyamba anakana chithandizo, koma magazi anali akuchucha mkati mwa mutu, ndipo patapita masiku aŵiri anamwalira. Mwana akamenyetsa mutu, maseŵera a tsiku limenelo athe, ndipo akayamba kusanza, kudandaula mutu, kuodzera kapena kusokonezeka, musadikire kuti kuche.

Mitsetse imadziŵika ndi mitundu. Ku France yobiriŵira ndi ya oyamba kumene, yabuluu ndi yosavuta, yofiira ndi yovuta, yakuda ndi ya akatswiri. Lamulo la panjira ndi lakuti amene ali kutsogolo ndiye mwini njira, ndipo wochokera kumtunda ndiye ayenera kumulambalala. Phunzitsani ana kuti asamaime pakati pa mtsetse kapena kuseri kwa chitunda kumene wobwera sangawaone. Pa mipando yoyenda pa chingwe cham'mwamba yokwezera anthu kuphiri, ku France mwana wosakwana mita 1.25 kutalika sakwera popanda wamkulu.

Pa za ndalama, akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mtengo wa ndege ndi nyumba ndi chiyambi chabe. Ŵerengeranitu galimoto yochokera ku bwalo la ndege, matikiti okwerera kuphiri, kubwereka zipangizo, sukulu ya ana, ndi chakudya, chimene m'malesitilanti a paphiri n'chodula kwabasi. M'malo ambiri ana osakwana zaka 5 salipira tikiti yokwerera, koma amafuna umboni wa zaka zawo. Ndipo ngati ana anu adzakhala m'bwalo la ophunzira sabata yonse, funsani kaye ngati tikiti ya phiri lonse ikufunika n'komwe.

Pamene simuyenera kuumira ndi pa inshuwalansi. Inshuwalansi wamba ya ulendo nthaŵi zambiri siphatikiza maseŵera a pa chipale, ndipo ku France munthu akavulala pa mtsetse, opulumutsa anthu amene am'tsitsa paphiri amatumiza bilu. Ŵerengani pepalalo mpaka mupeze mawu onena za ski ndi za kupulumutsidwa paphiri, pa dzina la munthu aliyense wa m'banjamo.

Amene ali ndi pasipoti ya Malaŵi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe amafunika viza ya Schengen kuti aloŵe ku France, Switzerland, Italy kapena Austria, ngakhale akhale ndi chilolezo chokhala ku Britain. Mu Juni 2024 mtengo wake unakwezedwa kufika pa mayuro 90 kwa wamkulu ndi 45 kwa mwana wa zaka 6 mpaka 11, pamene wosakwana zaka 6 salipira. Amafunanso inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000. Mukhoza kupempha viza kutatsala miyezi 6, ndipo ndi bwino kufulumira, makamaka ngati agogo akupempha ali kumudzi. Mwana aliyense akhale ndi pasipoti yakeyake. Tengani kalata zawo za kubadwa, ndipo ngati kholo limodzi ndilo likuyenda ndi ana, litenge kalata ya chilolezo yosainidwa ndi linzake. Zimenezi muzikumbukirenso podutsa malire a South Africa ndi Lesotho. Ku Lesotho ndalama ya randi imalandiridwa mofanana ndi loti ya kumeneko.

Kukhitchini, ndi za agogo

Nyumba yokhala ndi khitchini imapulumutsa ndalama ndiponso mtendere, pakuti mwana wotopa safuna chakudya chachilendo. Ku Lesotho ufa wa chimanga ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku. Ku Alps mudzapeza ufa wachikasu wa chimanga wotchedwa polenta, umene umaphikika phala labwino la m'maŵa, ngakhale nsima yake siifika pa ya ufa woyera. Nyama ndi za mkaka musanyamule, chifukwa malamulo a European Union saloleza apaulendo kuloŵa nazo kuchokera kunja, ndipo kuyambira mu 2021 zimenezi zikukhudzanso ochokera ku Britain. Dziŵaninso kuti pamalo okwera madzi amaŵira asanatenthe mokwanira, pa mamita 3,000 amaŵira pa madigiri pafupifupi 90, choncho mpunga ndi nyemba zimachedwa kupsa, ndipo vuto si mphika kapena wophika. Usiku kukazizira chotani, mbaula ya makala isaloŵe m'chipinda chotseka. Utsi wake wosaoneka ndi wosanunkha uja umapha kumapiri monga momwe umaphera kuno.

Za agogo tinene mosabisa. Kuitana amayi anu kapena apongozi kuti akaone chipale ndi ulemu waukulu, koma ngati cholinga ndi chakuti akakhale ndi khanda m'nyumba pamene ena nonse muli paphiri, auzeni zimenezo asanakwere ndege, ndipo gwirizanani masiku amene iwonso adzatuluke kukaona dziko. Inu agogo, ngati muli ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, a shuga kapena a mtima, kaonaneni ndi dokotala musananyamuke, ndipo mankhwala anu akhale m'chikwama cha m'manja, okwanira masiku onse ndi ena apadera. Pemphani nsapato za mphira wa mano, chifukwa ngozi ya munthu wamkulu kumeneko siichitikira paphiri yokha ayi, imachitikanso pa masitepe a pakhomo m'maŵa pamene madzi aundana. Yendani pang'onopang'ono, manja ali kunja kwa matumba.

Ndipo inu mayi, onetsetsani kuti simukupita kukakhala wonyamula magolovesi a anthu ena sabata yonse. Musananyamuke gaŵanani ntchito ndi abambo a kunyumba: ndani akaperekeza ana kusukulu m'maŵa, ndani akawatenga, ndani aphika madzulo. Ngati muli oyembekezera, ski muisiye, mungoyenda pamalo osalala. Ngati simuli, sukulu zomwezo zili ndi makalasi a akuluakulu oyamba kumene, ndipo kaŵirikaŵiri amayamba ndi kuŵeruka nthaŵi yofanana ndi ya ana. Polembetsa mwana lembetsaninso dzina lanu, ndipo funsani kuti kalasi yanu izithera pafupi ndi mpanda wa bwalo la ana, kuti iye akamatuluka akupezeni muli pomwepo.